Part time ya mwana wa Fomu 4: njira iti imathandiza, nanga imapweteka ndani?

Telemu yachiwiri ikangolowa, makolo amene ali ndi mwana ku Fomu 4 amayamba kufunsana potuluka m'tchalitchi, kuchigayo ngakhale pa WhatsApp: "Wanu mukumutumiza kwa yani?" Amene alibe yankho amabwerera kunyumba mtima uli m'mwamba, kudziona ngati wamulakwira mwana. Ena amagulitsa mbuzi, ena amakongola ku banki m'khonde, kuti wawo naye azipita ku part time. Komatu njira zokonzekeretsa mwana mayeso a MSCE zilipo zingapo. Zimasiyana mtengo, zimasiyana phindu, ndipo ina mwa izo imakweza mwana mmodzi pogwetsa anzake amene amakhala naye benchi imodzi.

Mantha a makolowa ali ndi maziko. Bungwe la MANEB limapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9. Wapeza 1 kapena 2 wakhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 wangokhoza, 9 walakwa. Amaphatikiza maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wachita bwino koposa, n'chifukwa chake katswiri weniweni amatuluka ndi mapointi 6. Kuti dzina la mwana liganiziridwe n'komwe ku sukulu za ukachenjede za boma, pamafunika makirediti asanu ndi limodzi, Chingelezi chili momwemo. Amenewo ndi ongogogodera pakhomo. Malo ku UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MUST ndi Mzuni ndi ochepa kuyerekeza ndi ana amene amakwanitsa makireditiwo, ndiye pointi imodzi imatha kulekanitsa amene akaphunzire udokotala ndi amene akhale pakhomo. Boma litalengeza mu 2020 kuti lathetsa kota, njira yogawa malowa potengera boma limene mwana akuchokera, mapointi a mwana payekha analemeranso kuposa kale.

Pepala la mayeso ndi limodzi dziko lonse, koma ana salifikira kuchokera malo amodzi. Kusiyana kumayambira pa zotsatira za Sitandade 8. Ochepa amasankhidwa kupita ku Blantyre Secondary, Dedza Government, Lilongwe Girls kapena Mzuzu Government, ena ku sukulu za mishoni ngati Marymount, Likuni ndi Zomba Catholic. Unyinji umapita ku CDSS, sukulu zoyendera zimene zinabadwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kuchokera ku malo ophunzirira a MCDE, koleji ya boma ya maphunziro a patali, pa nthawi imene ana ankasefukira chifukwa cha pulayimale yaulere ya 1994. Zambiri mwa izo zinayamba popanda labotale, popanda laibulale, ndi aphunzitsi amene anaphunzira ntchito ya ku pulayimale. Zina zasintha, koma mpata udakalipo waukulu. Choncho mwana amene akusowa thandizo lowonjezera kwambiri ndi wa ku CDSS yakumudzi, pamene amene angalikwanitse kulipira ndi wa m'tauni yemwe sukulu yake ili nazo kale zonse. Mkangano wonse wa part time wagona pamenepa.

Kulipira mphunzitsi yemwe amamuphunzitsa m'kalasi

Iyi ndiyo njira yofala, ndipo n'zomveka chifukwa chake. Mphunzitsiyo amamudziwa mwana, akudziwa pamene silabasi yafika, ali pafupi, ndipo poti amasonkhanitsa ana angapo, mtengo wa mwana mmodzi umatsika. Kumadera ambiri akumudzi palibenso wina wodziwa Physics kupatula iyeyo, ndiye kusankha kulibe.

Vuto lake ndi lakuti munthu mmodzi yemweyo wagwira mbali zonse ziwiri. Iye ndiye amaona liwiro la phunziro m'mawa, ndipo iye yemweyo ndi amene amapindula masana ngati la m'mawalo silinamveke. Sindikunena kuti aphunzitsi onse amachita dala. Ambiri amabwera Loweruka kudzaphunzitsa ulere, ena amagula choko ndi ndalama za m'thumba mwawo, ndipo malipiro awo tonse tikuwadziwa kuti safika pa 20 mwezi. Sitiraka za bungwe la aphunzitsi la TUM, monga ya 2017 ya ndalama za tchuthi ndi ya 2021 ya ndalama za chiopsezo pa nthawi ya Covid-19, sizinachokere kumwamba. Koma dongosolo limene limamupatsa munthu phindu akachedwetsa ntchito yake limayesa ngakhale wolungama. Mawu akuti "mutu uwu tikamalizira ku part time" akangomveka m'kalasi, mwana amene kwawo kulibe ndalama walandidwa phunziro limene boma linamulipirira kale mphunzitsiyo. Sanajombe, sanachedwe, koma pa mayeso adzakumana ndi funso limene sanalionepo.

Palinso zina zing'onozing'ono zimene ana amaziona msanga kuposa ife. Amene amalipira ndi amene amalozedwa kuyankha mafunso. Mayeso a pakati pa telemu amafanana modabwitsa ndi zimene zinakambidwa ku part time dzulo lake. Kholo limasangalala kuona mamalikisi akukwera, osadziwa kuti wochonga wa MANEB sanalandire kanthu kwa iwo. Ndipo ngati maphunzirowo akuchitikira kunyumba kwa mphunzitsi madzulo, kholo la mwana wamkazi lisachite manyazi kukana. Malo ake ndi pasukulu, masana, ana ali pagulu.

Ngati mwasankha njirayi chifukwa palibe ina, tengani kope la ku part time ndi la m'kalasi muwaike pamodzi. Mukapeza kuti ku part time akubwereza ndi kuyeserera mafunso pa mitu imene inaphunzitsidwa kale m'mawa, ndalama yanu ikugula chinthu chowonjezera. Mukapeza mitu yatsopano imene m'kope la m'kalasi mulibe, ndiye kuti mukugula zimene zachotsedwa m'kamwa mwa ana a anzanu, ndipo nkhaniyo ndi yokatula kwa mphunzitsi wamkulu kapena ku komiti ya makolo.

Wobwera kunyumba

Wophunzitsa wapadera, amene nthawi zambiri amakhala mnyamata kapena mtsikana wa ku yunivesite ali pa holide, kapena amene anamaliza uphunzitsi koma sanalembedwe ntchito, alibe vuto la mbali ziwiri lija. Salanda kanthu m'kalasi. Phindu lake lalikulu ndi lakuti amatha kukhala ndi mwana mmodzi mpaka kupeza pamene panaduka chingwe, zimene mphunzitsi wa ana 70 sangathe ngakhale atafuna. Kawirikawiri mwana amene akulephera Masamu a Fomu 4 sikuti akulephera za Fomu 4. Anasochera ku Fomu 1 pa mafulakishoni ndi manambala a negative, ndipo kuyambira pamenepo wakhala akungokopa za pa bolodi. Kumuthira mitu ya Fomu 4 mwana wotere kuli ngati feteleza wobereketsa pa chimanga chimene sichinaone wokulitsa. Wophunzitsa wabwino amayamba wabwerera m'mbuyo, ngakhale kholo likuona ngati akutaya nthawi.

Mtengo wake ndiwo wokwera kuposa njira zonse, ndipo palibe amene amayendera ntchito yake. Wina amadziwa Chemistry ya ku koleji koma silabasi ya sekondale sanaitsegulepo, ndipo sadziwa mmene MANEB imafunsira. Wina amangomulembera mwana homuweki. Ine ndimaona kuti njirayi imapindula ikakhala ya phunziro limodzi kapena awiri, kwa miyezi yowerengeka, mutagwirizana chimene mukufuna chisinthe. Mabanja amene amalemba wophunzitsa pa phunziro lililonse chaka chonse amapeza mwana amene sathanso kutsegula buku payekha, ndipo ku yunivesite kulibe womukhalira pambali.

Pa nkhani ya chilungamo, njirayi sibera munthu, koma ndiyo imatalikitsa kwambiri mwana wa ku Area 47 kapena Namiwawa ndi mnzake wa ku Nsanje. Kholo silingadzudzulidwe pothandiza mwana wake ndi ndalama zake. Chofunika kuvomereza n'chakuti mapointi 12 a mwana wotere ndi mapointi 20 a mwana wa ku CDSS wowerengera tochi sakunena nkhani yonse ya nzeru zawo.

Makalasi a pa holide

M'matauni, sukulu zikangotsekera, zikwangwani zimamera pa mitengo ndi pa mipanda. Ana amadzaza holo ya tchalitchi kapena kalasi yobwereka, wophunzitsa ali kutsogolo kulembetsa manotsi. Mtengo ndi wofikirika, koma taonani kuchuluka kwa ana: ngati mwana akuchoka m'kalasi ya anthu 70 kukalowa ina ya anthu 70, chimene chasintha ndi khoma lokha. Amene amapindula ndi mwana amene ali kale bwino ndipo akungofuna kubwereza. Wofooka amakhala kumbuyo chimodzimodzi.

Pali mtundu umodzi wa makalasi amenewa umene ndingaulipire mosanyinyirika: umene uli ndi labotale. Biology, Physics, Chemistry ndi Agriculture zili ndi mapepala a practical, ndipo kuli ana amene amagwira burette, kachubu kagalasi koyezera madzi mu labotale, koyamba tsiku la mayeso lenilenilo. Masabata awiri ogwira zipangizo ndi manja amamupatsa mwana wa ku CDSS chinthu chimene manotsi sangamupatse. Funsani kuti mukaone chipindacho musanapereke ndalama.

Thawani aliyense wolonjeza "mafunso amene abwere chaka chino". Kulosera potengera mapepala akale n'kwabwinobwino, koma malonjezo otere amathera ku likasa. Mu November 2020 mayeso a MSCE anaimitsidwa ali mkati chifukwa mapepala anali atawanda pa mafoni, ndipo ana onse, olakwa ndi osalakwa omwe, anakalembanso mu January 2021.

Open ndi kubwereza

Sukulu za Open zimagwiritsa ntchito makalasi ndi aphunzitsi a sekondale yokhazikika, ana osankhidwa akaweruka. Zinatsegulira khomo amene sanasankhidwe, amayi amene anasiyira panjira, ndi ofuna kukonza mapointi. Kwa mwana amene walemba kale osakhutira, kubwereza ku Open ya pa sukulu yokhala ndi labotale kumaposa part time ya apa ndi apo, chifukwa amatsata silabasi yonse mwadongosolo. Maola ake ndi ochepa, ndipo aphunzitsi amafika atatopa kale. Poti ndalama za aphunzitsiwo zimachokera ku fizi ya ana a Open, madandaulo amamvekanso akuti mphamvu zina zimasungidwira masana. Musanabwereze ndi cholinga cha yunivesite, werengani kaye zimene bungwe loona za maphunziro a ukachenjede la NCHE lalengeza chaka chimenecho pa za amene analemba mayeso kangapo.

Gulu la anzake, nyale ndi nthawi

Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa njirayi imanyozeka poti ndi yaulere. Tikamasirira sukulu zogonera konko timatchula aphunzitsi ndi mabuku, koma timaiwala chinthu china chimene ana akumeneko ali nacho: nthawi. Amadzuka kupita ku prep, madzulo prep, magetsi akuyaka, nsima yaphikidwa ndi wina, ndipo mnzake wodziwa Masamu amagona bedi loyandikana nalo. Mwana woyendera amayenda makilomita angapo, akafika atunge madzi, aphike, alere mng'ono wake, nthawi ya dzinja apite kumunda, ndipo pamene akuti atsegule buku kwada. Wamkazi ndiye zimamuchulukira. Mwana wotere mukamuwonjezera part time ya maola awiri osamuchotsera ntchito, mwangomuwonjezera ulendo.

Choncho banja lokhala ndi ndalama yochepa liyerekeze moona mtima: fizi ya part time ya miyezi itatu, kapena nyale ya sola, mabuku awiri a phunziro lomuvuta, mapepala a mayeso akale osindikiza, ndi kumumasula ku ntchito zapakhomo kuyambira 4 koloko? Zoyambazo zimatha miyeziyo ikatha. Zachiwirizo adzagwiritsanso ntchito mng'ono wake.

Ma study circle, amene sukulu zambiri za boma zimawalimbikitsa, amagwira ntchito akakhala ndi mwambo. Ana asapitirire asanu kapena asanu ndi mmodzi. Asakhale ogwirizana pa macheza okha, pakhale wamphamvu pa Masamu, wina pa Chingelezi, wina pa sayansi. Aliyense apatsidwe mutu woti akafotokozere anzake, chifukwa pofotokoza m'pamene munthu amazindikira kuti sanamve. Kamodzi pa sabata alembe pepala lakale la MANEB wotchi ili patebulo, osayang'ana m'buku, kenako asinthane pochonga. Wanzeru pagulupo asaope kuti akutaya nthawi, iye ndiye amapindula kwambiri.

Kufooka kwake n'kodziwika. Popanda wamkulu woyang'anira, gulu limasanduka bwalo la nkhani za Bullets ndi Wanderers. Choopsa kwambiri n'chakuti onse akhoza kugwirizana pa yankho lolakwa n'kulisunga mpaka tsiku la mayeso. Mankhwala ake ndi kope limodzi la gulu lolembamo mafunso owakanika, lopita nalo kwa mphunzitsi Lolemba. Aphunzitsi ochuluka amene sangaphunzitse ulere maola awiri sakana kuyankha mafunso atatu olembedwa bwino. Ndipo ngati pali ndalama pang'ono, mabanja asanu kusonkha kuti wophunzitsa mmodzi azibwera ku gululo kamodzi pa sabata kumatsitsa mtengo, mwana wa banja losowa n'kulowa nawo mosaonekera.

Za foni sindichulutsa. Sukulu zitatsekedwa pa 23 March 2020, manotsi anaikidwa pa intaneti ndipo tinaona tokha amene anawafikira: okhala ndi foni yaikulu, bandulo ndi potchajira. Mavidiyo a pa YouTube amathandiza kuona practical imene sukulu ilibe zipangizo zake, koma ambiri satsata silabasi yathu. Mapepala akale amene amayenda pa WhatsApp ndi abwino mukawasindikiza, foniyo n'kuibweza kwa mwini wake.

Makalasi owonjezera a sukulu yonse

Sukulu zina zimachita chonchi: makolo ndi aphunzitsi amagwirizana pa msonkhano kuti Fomu 4 yonse izibwera m'mamawa kapena Loweruka, kathokozo ka aphunzitsi kazidutsa ku komiti, ndipo mwana asabwezedwe pakhomo chifukwa kwawo sanasonkhe. Mphunzitsi sadziwa amene walipira ndi amene sanalipire, ndiye chiyeso chija chimachepa. Pa njira zonse zolipira, iyi ndiyo ndimaiona yachilungamo. Sukulu za mu cluster imodzi, gulu la sukulu zoyandikana, zikagwirizananso kuti ana a ku CDSS azikachita practical ku sekondale yapafupi yokhala ndi labotale, phindu limafika kwa amene amalisowadi.

Imawonongeka pamene chopereka cha mwakufuna chasanduka msonkho, mayina a osapereka n'kumawerengedwa pa asembule. Imathanso kungokhala kupitiriza kalasi ya m'mawa, liwiro lomwelo, osalabadira otsalira. Kumene imayenda bwino amagawa ana potengera zotsatira za mock, ofooka pa phunziro lakutilakuti n'kukhala paokha ndi mphunzitsi.

Bwanji osangoletsa?

Maganizo amenewa amabwera pafupipafupi, ndipo maiko ena anayesa. South Korea inaletsa maphunziro apadera olipira mu 1980. Sanathe, anangolowa m'nyumba mobisa, okwanitsa kulipira chiopsezocho n'kukhala olemera okhaokha, mpaka khoti loona za malamulo a dziko linagamula mu 2000 kuti chiletsocho n'chosemphana ndi malamulowo. Lero mabanja akumeneko amawononga ndalama zakwawo zoposa 20 trillion won pa chaka pa maphunziro otere. China mu July 2021 inaletsa makampani kupanga phindu pophunzitsa maphunziro a m'kalasi kwa ana a pulayimale ndi a sekondale yoyambirira. Makampani akuluakulu anagwa, koma ophunzitsa obisika anatsala, ndipo mitengo yawo inakwera. Kenya inaika m'lamulo lake la maphunziro la 2013 chiletso cha makalasi a pa holide, koma nkhani ya makalasi owonjezera olipiritsa imamvekabe kumeneko chaka ndi chaka.

Malo a ku yunivesite akakhala ochepa ndipo pepala limodzi ndilo likugamula, makolo adzasaka njira basi. Chimene boma ndi makomiti a sukulu angathe kuletsa n'kuchilondola ndi chopapatiza: mphunzitsi kulipiritsa payekha ana a m'kalasi mwake pa mitu ya silabasi. Zotsalazo zimachepa pokhapokha CDSS ikakhala ndi labotale, mabuku ndi mphunzitsi wa sayansi amene anaphunziradi sayansi ku koleji ya aphunzitsi ya Domasi kapena ya Nalikule, ndipo ntchito ngati ya EQUALS, imene Banki Yaikulu Padziko Lonse inathandiza ndi ndalama kuti sayansi ndi Masamu zikwere m'ma CDSS, inalunjika komweko.

Kholo limene mwana wake akulemba chaka chino silingadikire zimenezo. Poyambira pake ndi mapepala a mock, osati malikisi okha a pa lipoti koma mapepala enieniwo, kuti muone ngati mwana akulephera chifukwa sadziwa, chifukwa samaliza nthawi, kapena chifukwa samva chimene funso likufuna. Wosamaliza nthawi akufunika wotchi ndi mapepala akale, zimene gulu la anzake limapereka ulere. Wosadziwa mutu akufunika munthu womukhalira pansi. Wosamva funso vuto lake ndi Chingelezi, ngakhale likuonekera ku Biology ndi ku Geography. Makolo ambiri amathamangira kulipira Masamu ndi sayansi poti ndi zimene zimaopsa, Chingelezi n'kuchisiya kuti mwana amayankhula kale. Koma 9 pa Chingelezi amamumanitsa mwana satifiketi yonse, ndipo 7 amamutsekera khomo la yunivesite ya boma ngakhale maphunziro ena onse atapeza 1. Ngati pa mock Chingelezi chili pa 7, 8 kapena 9, ndalama yoyamba ndi maola oyamba zipite kumeneko, pa kulemba chimangirizo ndi chidule sabata iliyonse, wina wodziwa n'kumachonga ndi cholembera chofiira.